Msewu uli pamapu, koma pageti pali maloko asanu

Phazi_Lolemera analemba:

Abale anga okwera mapiri, ndigawireni nzeru. Zimene zinandichitikira Loweruka lapitali zikundiwawabe, ndipo mpaka pano ine ndi mng'ono wanga sitinagwirizane kuti wolakwa anali ndani. Dzina la phirilo ndilisunga kaye, chifukwa mwina ndiyenera kukapepesanso kwa munthu.

Tinali atatu: ine, mng'ono wangayo ndi mnzake wa kuntchito. Njira ndinali nditaitsitsiratu pafoni, ndipo pulogalamu yomwe ndimadalira inkaonetsa kuti ukapatuka pa tala pali msewu wafumbi wa makilomita 6 wokafika pomwe kanjira kokwerera kamayambira. Kumapeto kwa msewuwo kunalinso kachilembo ka P, kutanthauza poimika galimoto. Tinanyamuka 4 koloko m'bandakucha kuti dzuwa likamayamba kuwotcha tikhale titamaliza chitunda choyamba, chomwe chilibe mthunzi ndi pang'ono pomwe.

Titangoyenda makilomita 2 pafumbipo, magetsi a galimoto anaunika geti. Lachitsulo, utoto wake wobiriwira wosupukasupuka, lomangidwa ndi unyolo. Ndinatsika ndi tochi kukaona. Pa unyolowo sipanali loko mmodzi ayi. Panali maloko asanu, uyu wakola mnzake, mnzakeyo wakolanso wina, ngati mikanda. Awiri anali atsopano, mmodzi wadzimbiri moti kiyi wake ayenera kuti anatayika kalekale. Pamwamba pa getilo panali chikwangwani chamalata chonena kuti msewuwo ndi wa eni ake, osalowa popanda chilolezo. Dzina la mwini wake panalibe, nambala ya foni panalibenso. Koma pambali pa nsanamira panali kampata koti munthu n'kudutsa chammbali, ng'ombe ayi, ndipo dothi lake linali lopondekapondeka, mapazi a nsapato ali mbwee.

Tinaima pamenepo mphindi ngati khumi tikukangana. Mng'ono wanga ankati chikwangwani ndi chikwangwani, tiyeni tibwerere. Ine ndinati phiri tikupitalo ndi la boma, mapu akutilola, nanga kampataka anasiyira ndani? Mapeto ake tinakankhira galimoto m'mbali, matayala awiri m'udzu, mamita ngati 5 kuchokera pageti, n'kuuyamba wapansi. Makilomita 4 owonjezera popita, 4 pobwera. Panjira sitinakumane ndi munthu, tinangoona ng'ombe, thanki ya madzi ndi nsanja ya netiweki.

Phirilo tinakwera bwino, za kumwambako ndidzasimba tsiku lina. Tsoka linatidikira pobwera. Cha m'ma 3 koloko tinapeza geti lili pululu, lole yodzaza mitengo itaima mkati, ndipo bambo ena atakhala pa sitepe ya loleyo nkhope itachita tsinya. Kunapezeka kuti lole yaitali ikamatuluka imatenga konayo motambasula, ndipo galimoto yanga inali ndendende pamene mphuno ya loleyo imadutsa. Anati adikira maola awiri. Sanatukwane, koma mawu awo anali olasa: anthu a mafoni inu mwatitopetsa, Loweruka lililonse ndi zomwezi. Nditawaonetsa mapu anangoseka, amvekere, "Amene anajambula zimenezo anagulako malo kuno?"

Za galimotoyo ndinapepesa, pamenepo ndinalakwadi. Koma mafunso anga akadalipo. Munthu umadziwa bwanji, usanachoke pakhomo, kuti msewu wopita kuphiri ndi wa aliyense kapena ndi wa munthu? Chikwangwani chokha n'chokwanira? Ngati phiri ndi la boma, mwini malo a m'munsi ali ndi mphamvu yotseka njira yokafikako? Nanga polowa wapansi paja tinaphwanya lamulo, kapena mlandu unali wa galimoto yokha?

Namapu_25 anayankha:

Achimwene, pepani ndi zomwe mwakumana nazo, koma funso la bambo a lole aja ndi lanzeru kwambiri. Ine nthawi yanga yopuma ndimajambula nawo mapu pa OpenStreetMap, ndiye ndikuuzeni mmene msewu umafikira pafoni panu.

OpenStreetMap inayamba mu 2004, ndipo aliyense amene watsegula akaunti akhoza kuwonjezerapo msewu. Mapulogalamu ambiri a anthu oyenda m'mapiri, monga Komoot, OsmAnd ndi Organic Maps, amatunga pachitsime chomwecho. Kawirikawiri munthu amakhala pakompyuta, watsegula chithunzi cha setilaiti, waona mzere woyera ukukhotakhota m'tchire, basi wajambula msewu. Kuchokera kumwambako geti silioneka, chikwangwani sichioneka. Mzerewo ukunena zoona pa chinthu chimodzi chokha, kuti pansipo pali msewu. Zoti inuyo ndinu ololedwa kuudutsa zimalembedwa pazokha.

Mukatsegula webusaiti ya OpenStreetMap n'kufufuza msewu womwewo, muona timawu tomwe anaumata. Yang'anani ka access. Kakati access=private, ndi wa eni, osayerekeza. Kakati access=permissive, mwini wake akulola anthu mwa kufuna kwake ndipo akhoza kusintha maganizo mawa lomwe. Pena mupeza motor_vehicle=no limodzi ndi foot=yes, ndiye kuti wapansi dutsani, galimoto ayi. Ndipo barrier=gate ndi geti lanu lija. Vuto n'loti misewu yambiri ya kutchire ilibe n'komwe timawu timeneti, ndipo pulogalamu ikapanda kuona choletsa imangoti njira ndi yotsegula, pomwe chenicheni n'choti palibe wojambula mapu amene anafikapo ndi miyendo yake.

Ka P kajanso musakakhulupirire kwambiri. Kakhoza kukhala bwalo limene amatembenuzirapo malole, wina analiona pa setilaiti n'kuliyesa poimika magalimoto. Chimodzimodzi mizere ya GPS imene anthu amaika pa intaneti akabwera kuulendo: imangokuuzani kuti wina anadutsapo. Ngakhale wodumpha mpanda foni yake imajambula bwinobwino.

Mapu opangidwa ndi akatswiri nawonso amachenjeza. A Ordnance Survey a ku Britain amalemba pamapu awo kuti kuoneka kwa msewu kapena njira si umboni woti anthu ali ndi ufulu wodutsapo. Njira zimene zili ndi ufuluwo amazipatsa mtundu wakewake, wobiriwira pa mapu awo ena.

Mukafuna, nditumizireni malowo kumbali ndiikepo getilo, wina asadzavutikenso ngati inu.

Mkulu_wa_Nsanja anayankha:

Za maloko asanuwo ndiyankhe ine. Ndagwira ntchito yokonza nsanja za netiweki zaka zambiri, ndipo makiyi a mageti otere ndinkayenda nawo m'thumba.

Loko aliyense ali ndi mwini wake. Wina ndi wa mwini famu, wina wa kampani ya nsanja, wina wa a magetsi, wina wa odula mitengo, mwinanso wina wa ozimitsa moto. Amawakoletsa loko ku loko kuti aliyense akatsegula wake yekha unyolo umasuke, osachita kugawana kiyi. Potseka uyenera kukola loko wako pa loko wa mnzako. Ukalumpha mmodzi n'kukola pa unyolo, mwini loko ameneyo wamutsekera kunja, ndipo foni imene ulandire tsiku limenelo sudzaiiwala. Ndinachitapo kamodzi ndili watsopano pantchito, mpaka lero makutu amandilirabe.

Ndiye mukaona maloko ambiri chonchi, dziwani kuti pali anthu angapo amene ali ndi pangano lodutsa pamenepo. Pangano lotere limatchula wodutsayo ndi chimene akukachita. Lathu linkatilola kupita kunsanja ndi kubwerera, basi. Ndikanati ndipitirire nsanja kukakwera phiri, ngakhale kiyi ndinali naye, ndikanakhala ndalowa malo a eni popanda chilolezo ngati wina aliyense.

Koma bambo inu, mamita 5 kuchokera pageti? Geti la kutchire, ngakhale lioneke ngati analitsegula komaliza zaka khumi zapitazo, osaimika pafupi. Lole ya mitengo, thirakitala yokoka ngolo, galimoto yozimitsa moto, zonsezi zimafuna bwalo. Eni malo amene ndinkacheza nawo sankadandaula za munthu woyenda pansi ndi kachikwama kake. Ankadandaula za magalimoto otsekereza, mageti osiyidwa pululu ziweto n'kutuluka, ndi agalu othamangitsa nkhosa.

Mwendanjira anayankha:

Funso lanu lachitatu ndi lachinayi yankho lake lagona pa dziko limene muli, ndipo simunalitchule. Malamulo ake amasiyana kutalitali, moti chimene ndi ufulu kwina, kwina ndi mlandu. Koma kulikonse kumene ndayendako ndaona chinthu chimodzi: phazi ndi tayala lamulo silizitenga mofanana.

Ku Scotland, lamulo la 2003 lotchedwa Land Reform Act limapatsa aliyense ufulu woyenda pansi, kupalasa njinga ngakhale kugona mutenti pafupifupi paliponse, bola asalowe pabwalo la nyumba ya munthu kapena kuponda mbewu m'munda. Kumeneko chikwangwani chonena kuti msewu ndi wa eni chimaletsa galimoto, inu ndi chikwama chanu dutsani. Ku Norway lamulo lofanana nalo lilipo kuyambira 1957, ndipo kumapiri kuli misewu yambiri ya eni imene amaitcha bomvei: umalipira kangachepe pageti n'kulowa ndi galimoto, ndalamayo n'kumakonzera msewuwo. Ku Sweden msewu wa eni umene umalandira thandizo la ndalama kuchokera ku boma uyenera kukhala wotsegukira aliyense. Umene sulandira, mwini wake akhoza kuletsa magalimoto, koma osati woyenda pansi.

Mukachoka ku Scotland n'kuwoloka malire kulowa England, zinthu zasintha kale. Kumeneko ufulu uli pa njira zolembedwa m'mapu a khonsolo otchedwa definitive map, ndipo njirazo zili m'magulu angapo: ina ndi ya miyendo yokha, ina ya miyendo, hatchi ndi njinga, ina imalola ngakhale galimoto. Njira yotere ikhoza kudutsa pakati pa famu, pafupi ndi khola penipeni, ndipo mwini famuyo saloledwa kuitseka. Lamulo la 2000 linatsegulanso mapiri ena olembedwa pamapu, koma kwa oyenda pansi. Zimenezi sizinabwere chamwayi. Mu Epulo 1932 anthu mazana anakwera dala phiri la Kinder Scout, lomwe linali lotsekedwa kuti eni ake azisakako mbalame, ndipo asanu anakalowa m'ndende. Kulinso lamulo loti anthu akadutsa njira zaka 20 mosabisala, mosathyola mpanda komanso popanda kupempha, njirayo ikhoza kusanduka ya onse. N'chifukwa chake eni malo ena amakhoma chikwangwani chonena kuti mukudutsa mwa chilolezo chawo. Kampata kanu kaja kakhoza kukhala kotero: akukulolani, koma ufulu sakupereka.

Ku United States ndiye kolimba. Phiri likhoza kukhala la boma, koma ngati lazunguliridwa ndi malo a anthu ndipo palibe pangano lodutsa, lomwe iwo amati easement, mumangolidyera m'maso. Kumadzulo kwa dzikolo malo ena anagawidwa ngati bolodi la drafuti m'zaka za m'ma 1860, pamene boma linkapatsa makampani a njanji bokosi limodzi n'kusunga lotsatira, bokosi lililonse mailo imodzi mbali zonse. Mu 2021 alenje anayi a ku Missouri anagwiritsa ntchito makwerero ku Elk Mountain, ku Wyoming, kuti achoke pa bokosi la boma kupita pa lina la boma podumpha pakona, osaponda dothi la mwini famu. Nkhaniyo inayenda m'makhoti, ndipo mu Malichi 2025 khoti la apilo linagamula kuti sanalakwe. Tangoganizani, zaka zonsezo anthu akukokana chifukwa cha mpweya wa pamwamba pa kona. Ku Colorado kuli phiri la Culebra Peak lomwe lili pamalo a munthu, ndipo umakwera utalembetsa ndi kulipira. M'zigawo zina monga Texas ndi Missouri, utoto wapepo pa mtengo kapena pa nsanamira uli ndi mphamvu yofanana ndi chikwangwani choletsa kulowa, ndiye mlendo wosadziwa akhoza kuuyesa chizindikiro cha njira.

Kwa oyenda m'nkhalango za boma kumeneko, a US Forest Service amatulutsa mapu aulere otchedwa Motor Vehicle Use Map. Ndi osakongola, akuda ndi oyera basi, koma ndi amene amagamula. Msewu umene mulibe mmenemo ndi woletsedwa kwa galimoto ngakhale usalale chotani, ndipo amalembanso masiku amene misewu ina imatsegulidwa pachaka.

Sindigonja anayankha:

Ine ndiimeko pang'ono kumbali ya a Phazi_Lolemera, chifukwa mukuyankhula ngati chikwangwani chilichonse chimanena zoona. Malata ndi utoto amagulitsa kwa aliyense. Alipo anthu amene amakhoma chikwangwani pa msewu wa boma chifukwa chotopa ndi fumbi kapena phokoso, ndipo zaka zikapita aliyense amayamba kukhulupirira kuti ndi wawodi. Chikwangwani chopanda dzina, chopanda nambala, ine chimandipatsa mafunso.

Ku New Zealand nkhaniyi inakula mpaka mu 2008 boma linakhazikitsa bungwe loona za njira zodutsa anthu, lomwe masiku ano limatchedwa Herenga ā Nuku. Kumeneko kuli misewu ya papepala, imene inalembedwa m'mapu kalekale koma sinalambulidwe, yokwana makilomita pafupifupi 56,000. Ukafikapo umangoona msipu ndi nkhosa, koma mwalamulo ndi msewu wa onse ngati wa m'tauni. Ndiye onani, kwina msewu wosalala ndi wa munthu, kwina udzu wopanda ndi mkwaso womwe ndi msewu wa boma. Maso okha angakunamizeni.

Ine ndimayamba ndafunsa kuti msewuwo amakonza ndani. Khonsolo kapena nthambi ya misewu imakhala ndi mndandanda wa misewu imene imasamalira, ndipo nthawi zambiri umatchula pamene msewu wayambira ndi pamene wathera. Pothera pakepo m'pamene pagona nkhani, chifukwa msewu umodzi womwewo ukhoza kukhala wa boma makilomita atatu oyamba, kenako wa munthu, kenako wa a nkhalango. Ndikatero ndimaimbira ofesi yoyang'anira phirilo n'kufunsa molunjika: galimoto ndikaisiye pati, ndipo kuchoka pamenepo ndidutsa m'malo a ndani? Musafunse kuti "kodi kumapitika?" chifukwa akuyankhani kuti eya, iwo akuganiza za khomo lina. Zikavuta, ku ofesi ya zamalo kumakhala mapu a malire ndi mapangano odutsa amene analembetsedwa.

Mukafika pamsewu pomwepo zizindikiro zimathandiza, ngakhale sizigamula: nambala ya msewu, zikwangwani zochenjeza za kona, ngalande zokonzedwa mofanana, pamene giredala inatembenukira. Msewu ukasintha mwadzidzidzi, kuchoka wosalala n'kukhala wamabampu, kawirikawiri m'pamene udindo wa boma wathera.

Ndipo ngakhale mutakhala ndi umboni wonse woti getilo analiika mosaloledwa, musadule loko, musakanganenso ndi munthu kutchire. Jambulani chithunzi, lembani malo ake pa GPS, mukapereke ku khonsolo. Safunsa anadya phula, koma wodula loko wa eni amadya zoposa phula.

Kandodo_Kanga anayankha:

Ndiwonjezere kamodzi kokha. Msewu womwewo ukhoza kukhala wotsegula mwezi uno, wotseka mwezi wamawa, chifukwa cha matope, chipale chofewa, kudula mitengo kapena kuopa moto. Ndinalowapo geti lili pululu m'mawa, pobwera madzulo n'kupeza loko, galimoto ili mkati. Analitsegulira antchito awo, osati ine. Pofunsa muzifunsanso kuti amatseka nthawi yanji.

Phazi_Lolemera anayankha:

Zikomo nonse. A Mkulu_wa_Nsanja, chidzudzulo chanu ndachilandira ndi manja awiri. Ndatsatira zimene a Sindigonja ananena, ndipo zanditengera mafoni atatu ndi masiku anayi.

Ku khonsolo anandiuza kuti msewu wawo umathera pa kamlatho kamene kali mamita ngati 300 musanafike pageti. Kamlathoko ndikukakumbukira, titangowoloka tinayamba kuseka kuti msewu wayamba kugwedeza mano, osadziwa kuti tachoka m'manja mwa boma. Ndiye galimoto ija sinangotsekereza lole, inalinso pamalo a eni. Ku ofesi ya nkhalango mayi amene anayankha anati pali pangano ndi mwini famuyo lolola oyenda pansi kudutsa masana, popanda agalu, ndipo kampata kaja anasiyira ifeyo dala. Akuti kale panali chikwangwani chachiwiri chofotokoza zimenezi, chinagwa ndi mphepo ndipo sanachibwezeretse. Khomo lenileni la magalimoto lili mbali ina ya phirilo, makilomita 19 kuzungulira, ndipo kumeneko kuli poimika pokonzedwa bwino. Ka P kaja ndi bwalo lokwezerapo mitengo, monga a Namapu_25 anaganizira.

Mng'ono wanga akuti wapambana ndi iye chifukwa msewu ndi wa enidi. Ine ndikuti ndapambana ndine chifukwa wapansi tinali ololedwa. Mnzake uja wakana kuweruza.

A Namapu_25, malowo ndakutumizirani kumbali. Muikepo geti, motor_vehicle=private ndi foot=permissive, ndipo ka P kaja mukachotse. Mwezi wamawa tikubwererako, chifukwa njira ya mbali iyi ndi imene ili ndi mtsinje. Galimoto tikaisiya tisanawoloke kamlatho, pali kabwalo kamiyala kumanzere komwe a khonsolo ati tikhoza kuimika, ndipo ndapempha mayi a ku ofesi aja kuti andilumikizitse ndi bambo a lole, ndikawaone tisanayambe kukwera.